Ulendo wa ku Guangzhou: mafunso ndi mayankho

Chiyambireni ubale wa Malawi ndi boma la ku Beijing kumapeto kwa 2007, dzina la Guangzhou silichoka pakamwa pa amalonda a ku Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu. Nsapato, mafoni, zovala ndi matailosi ambiri amene ali m'mashopu athu anadutsa mumzinda umenewu. Nawa mafunso amene munthu wopita koyamba amakhala nawo.

Kodi Guangzhou ili kuti, ndipo idatchuka bwanji pa malonda?

Ili kummwera kwa China, m'chigawo cha Guangdong, m'mphepete mwa mtsinje wa Pearl umene eni ake amati Zhujiang. Kalembera wa 2020 adapeza anthu oposa 18 miliyoni mumzindawu, chiwerengero chosasiyana kwenikweni ndi cha Amalawi onse pamodzi panthawiyo.

Mtsinjewo ndiwo udaukweza. Sitima zochokera kunyanja zinkatha kulowa mpaka pafupi ndi mzinda, ndipo kuyambira 1757 mpaka 1842 mfumu ya China idalamula kuti amalonda a ku Ulaya obwera panyanja azigula ndi kugulitsa pa doko limeneli basi. Azungu ankautcha Canton. Ankaloledwa kukhala pa kadera kochepa m'mbali mwa madzi, kotchedwa Shisanhang, ndipo lero pamalo omwewo pali msika waukulu wopikulitsa zovala.

Munthu amafikako bwanji?

Palibe ndege yochoka ku Malawi molunjika. Ambiri amakwera Ethiopian Airlines n'kusintha ndege ku Addis Ababa, kenako amakatera pa bwalo la Baiyun. Nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola 6: ku Lilongwe ikamakwana 8 koloko m'mawa, ku Guangzhou ndi 2 koloko masana. Masiku awiri oyamba tulo timavuta.

Viza imatengedwa asananyamuke, kudzera ku ofesi ya kazembe wa China ku Lilongwe. Wopita kukaona malo amapempha ya mtundu wa L, wa bizinesi ya mtundu wa M, imene imafuna kalata yomuitana yochokera ku kampani kapena kwa okonza chionetsero.

Nanga Canton Fair n'chiyani, ndipo ndi ya aliyense?

Ndi chionetsero cha zamalonda chimene chidayamba mu 1957 ndipo chimachitika kawiri pachaka, kuyambira pakati pa Epulo ndi pakati pa Okutobala, m'nyumba zikuluzikulu za ku Pazhou m'mbali mwa mtsinje. Chimagawidwa patatu. Gawo loyamba ndi la makina ndi zamagetsi, lachiwiri ndi la ziwiya za m'nyumba, mipando ndi mphatso, lachitatu ndi la zovala, nsapato, zakudya ndi zachipatala. Wofuna nsapato akafika sabata ya makina, waononga tikiti.

Kunena zoona, chionetserochi chimakomera amene ali ndi mpamba wodzaza kontena, chifukwa mafakitale ambiri safuna oda yaing'ono. Mahotela nawonso amakweza mitengo nthawi imeneyi. Mayi wa geni wofuna makatoni khumi angachite bwino kupita mwezi wina n'kulunjika kumisika yopikulitsa: Baima, pafupi ndi siteshoni ya sitima, kuli zovala, Zhongda ndi kwa nsalu, Sanyuanli ndi kwa zikwama. Mipando ndi matailosi amakazipeza ku Foshan, mzinda woyandikana nawo, pomwe ofuna zida za mafoni amakwera sitima yothamanga kupita ku Huaqiangbei ku Shenzhen.

Kodi phindu limatayikira pati?

Apa mpamene wamalonda ayenera kutsegula maso. Mtengo wa pamsika umanyenga. Nsapato yooneka yotchipa ku Guangzhou iyenera kulipiridwa ajenti, galimoto yopita kosungira katundu, sitima, ndiponso msonkho wa MRA pachipata. Katundu wa panyanja amalipiridwa potengera malo amene watenga m'kontena, muyeso umene amalonda amangouti CBM, pomwe wa pandege amalipiridwa pa kilo. Mabeseni ndi mipando ya pulasitiki n'zopepuka koma zimadya malo, choncho zimatha kufika kuno zitakwera mtengo kuposa mmene munthu amaganizira. Ndipo poti Malawi alibe doko la panyanja yamchere, kontena imatsikira ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam n'kuyambanso ulendo wina pamtunda. Miyezi imatha ndalama zili m'njira.

Vuto lina ndi katundu wosiyana ndi amene anaonetsedwa. Wozindikira amasunga sampulo, amalembetsa mtundu, saizi ndi chiwerengero pa risiti, amapereka dipoziti yokha, ndipo amatsegula makatoni yekha asanamalize kulipira. Kudandaula katundu atafika ku Kanengo sikubweza kanthu.

Nanga chinenero, foni ndi ndalama?

Anthu a kumeneko amalankhula Chikantoni ndi Chimandarini. Chingerezi n'chochepa, koma pamsika kakyuleta imamasulira: wogulitsa amalemba mtengo, wogula amalemba wake. WhatsApp, Facebook ndi Google n'zotsekedwa ku China, ndiye ndi bwino kuika WeChat pafoni ndi kuuza abale kunyumba aiikenso. Ndalama yawo ndi yuan, ndipo pafupifupi aliyense amalipira ndi foni kudzera pa WeChat Pay kapena Alipay.

Kodi munthu wakuda amalandiridwa bwanji?

Ku Xiaobei kuli anthu a ku Nigeria, Mali, Guinea, Congo ndi mayiko ena, ndipo kuli malo odyera a zakudya za ku Africa ndi nyama ya halaal. Komabe apolisi amafunsa mapasipoti kawirikawiri m'dera limeneli, ndipo mu Epulo 2020, nthawi ya Covid-19, anthu ambiri a ku Africa anatulutsidwa m'nyumba ndi m'mahotela mpaka akazembe awo anadandaula ku boma la China. Nkhaniyo idapweteka ambiri ndipo siiwalika.

Mlendo aziyenda ndi pasipoti nthawi zonse. Wogona kwa mnzake m'malo mwa ku hotela ayenera kulembetsa kupolisi pasanathe maola 24. Wopitirira masiku a viza amalipitsidwa 500 yuan pa tsiku mpaka 10,000, ndipo atha kutsekeredwa. Chikwama cha munthu wina asachinyamule ngakhale atalonjezedwa tikiti yaulere, pakuti ku China mlandu wozembetsa mankhwala ozunguza bongo umatha kufika pa chilango cha imfa.

Atatopa ndi misika, angaone chiyani?

Akwere boti la usiku pamtsinje aone nsanja ya Canton Tower, yotalika pafupifupi mamita 600, imene idatsegulidwa mu 2010. Masana ayende pansi pachilumba cha Shamian, pamene pali nyumba zakale za Angerezi ndi Afalansa ndi mitengo ya mthunzi wabwino. Msilamu angakonde kuona mzikiti wa Huaisheng, umodzi mwa yakale kwambiri m'China, ndipo Mkatolika angapemphere m'tchalitchi chamiyala cha Sacred Heart chimene chidamalizidwa mu 1888. Sitima yapansi panthaka imafika pafupi ndi malo onsewa. Kuyambira Epulo mpaka Seputembala kumatentha ndipo mvula imagwa pafupipafupi, choncho ambulera ndi nsapato zofewa zisasiyidwe ku hotela.