Kodi tikadula mitengo ya kumtunda kwa damu, madzi a pampopi amatani?

Sabata yatha mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa funso limene linandiimitsa choko chili m'manja. Anati: "Aphunzitsi, mumatiuza kuti mitengo imasunga madzi. Pa Biology akuti mtengo umamwa madzi n'kuwataya kudzera m'masamba. Ndiye zoona ndi ziti?" Kalasi yonse inaseka, koma ine sindinaseke, chifukwa funsoli akatswiri a nkhalango akhala akulimbana nalo kwa zaka zambiri. Zonse ziwirizi n'zoona. Tiyeni tione bwinobwino.

Poyamba tigwirizane za malo amene tikukamba. Damu lililonse lili ndi dera lake limene mvula ikagwa, madzi ake amatsetserekera kumeneko. Pa Geography mumalitchula kuti catchment area. Anthu a ku Zomba amamwa madzi a m'damu la Mulunguzi, limene lili pamwamba pa phiri la Zomba, pakati pa mitengo ya paini yobzalidwira matabwa. A ku Lilongwe amadalira mtsinje wa Lilongwe, umene umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama n'kudzaza madamu awiri a Kamuzu. Choncho chilichonse chochitika m'nkhalangozi chimafika m'kapu ya munthu wam'tauni, ngakhale iyeyo sanapondeko.

Madzi ake ndi ochuluka bwanji? Werengetsani nokha. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa hekitala imodzi, amenewo ndi malita 10,000. Mvula yamphamvu ya mamilimita 30 ndi malita 300,000, kapena kuti ndowa 15,000 za malita 20, pa hekitala imodzi yokha. Nkhani yonse yagona pa njira imene madziwa atsate: akwere kumwamba ngati nthunzi, alowe pansi, kapena athamange pamwamba pa nthaka.

Tiyambe ndi mtengo wakumwa madzi uja. Ku America, m'chigawo cha New Hampshire, kuli nkhalango yochitirako kafukufuku yotchedwa Hubbard Brook. Chakumapeto kwa 1965 ndi kumayambiriro kwa 1966, akatswiri, kuphatikizapo Herbert Bormann ndi Gene Likens, anagwetsa mitengo yonse m'kachigwa kamodzi ka mahekitala pafupifupi 16. Mitengoyo sanaichotse, anangoisiya pomwepo, ndipo kwa zaka zitatu ankapopera mankhwala kuti pasamere kanthu. Kumunsi kwa kachigwako kunali poyezera madzi. Chaka choyamba madzi otuluka mu mtsinje anachuluka ndi pafupifupi 40 peresenti. Eetu, anachuluka! Panalibenso masamba okoka madzi m'nthaka n'kuwatumiza kumwamba, zija mumati transpiration.

Ndiye tidule mitengo yonse kuti madamu adzaze? Dikirani kaye. Madzi aja atawayeza, anapeza kuti mchere wa nitrate wachuluka kuwirikiza nthawi zoposa 40, mpaka kudutsa mlingo wovomerezeka m'madzi akumwa. Chinachitika n'chakuti masamba ndi mizu zinkawola monga mwa nthawi zonse, koma panalibe zomera zoti ziyamwe chakudya chotuluka mmenemo. Chonsecho chinathera mu mtsinje. Madzi anachuluka inde, koma ubwino wake unatsika.

Kuno kwathu palinso vuto lina limene ku Hubbard Brook analipewa dala. Iwo sanakoke zipika, sanalambule misewu, sanaotche. Ife tikamadula mitengo pamabwera malole, pamakhala mikwasa yokokeramo zipika, kenako moto. Pansi pa nkhalango pamakhala chiphimba cha masamba owola chimene chimatchinga madontho a mvula, ndipo mizu yakale ndi tizilombo ta m'nthaka zimasiya timabowo tolowera madzi. Madzi olowa pansi amayenda pang'onopang'ono, ndipo ndi amene amatuluka m'akasupe mu Seputembala ndi Okutobala, mvula italeka kalekale. Nthaka ikaumbika ndi matayala, kapena ikatsala yambee moto utadutsa, madzi salowa. Amathamanga tsiku lomwelo atanyamula dothi. Zotsatira zake n'ziwiri: mtsinje wofiira wosefukira mu Januwale, ndi mtsinje wofooka mu Okutobala.

Dothi lija silisowa kopita. Lina limakhazikika pansi pa damu, n'kulanda malo a madzi chaka ndi chaka. Lina limafika kumalo oyeretsera madzi, kumene amayenera kuthira mankhwala ambiri otolera matope, komanso kutsuka zosefera pafupipafupi. Tizilombo toyambitsa matenda timabisala m'timatope timeneti, moti klorini savutika kugwira ntchito m'madzi oyera ngati mmene amavutikira m'madzi a matope. Ndalama zake mukudziwa kumene zimachokera: pabilu ya madzi ya makolo anu.

Mtundu wa mtengo nawonso uli ndi mbali yake. Ku South Africa, m'chigwa cha Jonkershoek pafupi ndi Stellenbosch, anayamba kafukufuku mu 1935 atamva madandaulo a alimi akuti minda ya mitengo ikuumitsa mitsinje. Patapita zaka zambiri akuyeza, zinaoneka kuti alimiwo sankanama: paini akalowa m'malo mwa zitsamba zachilengedwe, madzi a mumtsinje amachepa. N'chifukwa chake lamulo la madzi la dzikolo la 1998 limaika minda ya mitengo ya malonda m'gulu la ntchito zochepetsa madzi a m'mitsinje, ndipo wobzala amafunika chilolezo. Paini ndi bulugamu amakula msanga ndipo amakhala ndi masamba chaka chonse. Mitengo yathu ya m'nkhalango ngati Dzalanyama, monga mombo ndi tsamba, imayoyola masamba m'chilimwe, ndiye kwa kanthawi imamwa pang'ono. Si kuti paini ndi woipa, ayi. Denga la kalasi yanu ndi desiki mwakhalapoyo mwina n'za paini. Koma kubzala bulugamu m'mphepete mwenimweni mwa kasupe n'kulakwitsa.

Tsono matabwa tikuwafuna, madzi oyera tikuwafunanso. Odziwa za nkhalango amati zonse n'zotheka ngati wodula atsata mfundo izi.

Yoyamba, kudula pang'onopang'ono. Tiyerekeze kuti paini wanu amakhwima pa zaka 25. Mukagawa nkhalango m'zigawo 25 n'kumadula chimodzi pachaka, ndiye kuti chaka chilichonse mwavula 4 peresenti yokha ya phiri, ndipo pofika kuchigawo chomaliza choyamba chija chakhwimanso.

Yachiwiri, kusiya mitengo ndi udzu m'mbali mwa mitsinje ndi damu. Mzere umenewu umasefa matope, ndipo mizu yake imagwira gombe.

Yachitatu, kusamala misewu. Ambiri amadabwa kumva kuti m'malo odula mitengo matope ochuluka amachokera m'misewu ndi m'mikwasa, osati pazitsa. Msewu uzitsata m'mbali mwa phiri, ukhale ndi ngalande zopatutsira madzi m'tchire, ndipo malole asamalowe nthaka ili chinyontho.

Yachinayi, kubzalanso mvula yotsatira, kulimira mbande, ndi kulambula njira zotchinga moto. Malo otsetsereka kwambiri ndi bwino kungowasiya osakhudza.

Pamapepala n'zosavuta, eti? Chovuta n'chakuti nkhalango ili ndi anthu oidalira. Ku Dzalanyama kuotcha makala kunafika poipa mpaka mu 2015 boma linatumizako asilikali kukalondera. Koma makalawo amapita kuti? M'tauni momwemo, pambaula za anthu omwe amadandaula madzi akasiya kutuluka. Wootcha makala akufuna fizi ya mwana, wogula alibe china chophikira. Ndiye musathamangire kuloza chala. Asilikali angathe kutchinga njira, koma ngati mzinda ulibe china chophikira chotsika mtengo, nkhwangwa imabwerera.

Yesani izi kunyumba. Tengani zigubu ziwiri za malita asanu, muzidule mbali imodzi chogona, mudzazemo dothi lofanana. China muphimbe ndi masamba ouma, china chikhale poyera. Zipendeketseni mofanana, muike kapu pakamwa pa chilichonse. Thirani madzi ofanana kudzera m'chitini choboola pansi, ngati mvula. Onani kapu imene yayamba kudzaza, ndi mtundu wa madzi ake. Kenako dikirani ola limodzi kuti matope akhazikike, muyeze ndi rula.

Mtsikana uja ndinamuyankha kuti mtengo umamwadi madzi, koma umalipira: umasunga nthaka imene imasefa madzi ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono. Sanakhutire kwenikweni, ndipo anafunsanso kuti, "Nanga amene akudula pano amatsata mfundo zinayizo?" Limenelo ndakusiyirani inu. Fufuzani kumene madzi a pasukulu panu amachokera, kaya ndi damu, mtsinje kapena mjigo, ndipo mukaone kumtunda kwake kuti kwamera chiyani.