Azakhali: Mlendo wa ku Vietnam akufuna kukaona kwathu ku Zemba

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 27. Kwathu ndi ku Zemba m'boma la Chadiza, koma ndimagwira ntchito ku Lusaka. Kuntchitoko kuli mnzanga wina, mtsikana wa ku Vietnam. Mnzangayu amakonda kuyenda, ndipo wandiumiriza kuti mu Ogasiti ndimutengere kumudzi akaone mmene timakhalira, akadye zakwathu, kenako tikaonere mwambo wa Kulamba. Ndinavomera chifukwa cha manyazi, koma tsopano tulo sindikutiona. Kwathu n'kumudzi kwenikweni. Nyumba ya amayi n'njofolera udzu, magetsi kulibe, chimbudzi n'chokumba, ndiwo ndi chiwawa lero, therere mawa. Nyengo imeneyo ang'ono anga amakhala ali kalikiliki ndi mbewa. Ndikuganiza zotenga kaloba kuti ndigule mpunga, soseji ndi zakumwa za m'mabotolo, mnzangayo azikagona ku Chipata, kumudzi tikangodutsako masana. Kapena ndimunamize kuti amayi adwala? Ineyo ndatha zaka zitatu osapitako. Thandizeni.

Wosowa tulo, Lusaka

Mwana wanga,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri. Ulendo woyamba ndinaseka mpaka mdzukulu wanga anasuzumira pakhomo kufunsa ngati ndili bwino. Ulendo wachiwiri ndinagwira tsaya.

Tiyambe ndi zosekazo. M'kakalata kochepa chonchi mawu oti "mnzanga" wawabwereza katatu, ngati ukuopa kuti ndingaganize zina. Ndaganiza kale, mwanawe. Mnyamata sasowa tulo, safunanso kugogoda kwa a kaloba, chifukwa cha munthu amene amangopatsana naye moni pantchito. Koma izo tiziike kaye pambali, mphikawo usanawire.

Chimene chinandigwiritsa tsaya n'chakuti wafika pofuna kuwadwalitsa amayi ako ndi pakamwa, kuti mlendo asaone udzu wa padenga pawo. Matenda sitiseweretsa choncho. Atadwaladi mawa, udzaloza ndani? Udzu umenewo ndiwo unkakutchinga mvula ukuwerenga ndi koloboyi. Chiwawa chimenecho ndicho chinamanga khosi limene lero ukumangapo tayi. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Nanga iwe ukuyesa ku Vietnam anthu amabadwira m'ndege? Azakhali ako sanangomera imvi, amawerenganso, ndiye tchera khutu. Dziko limenelo lili ndi anthu opitirira 100 miliyoni, ndipo oposa theka amakhala kumidzi. Amabzala mpunga atawerama m'madzi ndi m'matope tsiku lonse, ena mpaka lero amalimira njati zoweta monga ife timamangira ng'ombe pagoli. Nkhondo yawo inatha mu 1975, ndipo zaka zotsatira mpunga unkaperewera moti amayi ankauphika posakaniza ndi chinangwa kapena mbatata kuti mphika udzaze. Zinthu zinayamba kuwayendera kuchokera mu 1986, boma litamasula malamulo a ulimi ndi malonda. Lero ali m'gulu la mayiko ogulitsa mpunga wambiri kunja, pa khofi amangopitidwa ndi Brazil yekha, ndipo Movitel ija abale athu a kutsidya kwa malire ku Mozambique amaimbira foni inabwera ndi kampani ya kwawo, Viettel. Anthu a msinkhu wa makolo a mtsikanayo njala amaidziwa, nyale ya parafini amaidziwa. Palibe chimene angaone ku Zemba chimene agogo ake sanamusimbirepo.

Tsono ubwere kuno kukhitchini, kumene manyazi ako agona. Chiwawa ukuchibisacho iwo amadya, amachisadzula bwinobwino monga amachitira amayi ako, n'kuchikazinga ndi adyo. Kholowa amadya. Bonongwe amadya. Therere la denje amaphika msuzi woterera, n'kuthiramo tinkhanu ta m'minda ya mpunga. Ndiwo zawo zambiri sizikoma popanda madzi ena otchedwa nuoc mam. Ukudziwa amawapanga bwanji? Amatenga tinsomba tonga kapenta, n'kutithira mchere m'migolo, n'kutisiya momwemo miyezi ndi miyezi, mwina chaka chathunthu, kenako n'kutcheza madzi ake. Munthu wokulira pa fungo limenelo angathawe kapenta wa amayi ako?

Za mbewa ndiye usandiseketse. Kumwera kwa dziko lawo, kumene mtsinje wa Mekong umathira m'nyanja, alimi amasaka mbewa zonenepa za m'minda ya mpunga, kuziwamba, mpaka kuzigulitsa pamsika. Si onse amadya, monganso kuno si onse. Ambuya athu achibemba akhala akutinyoza nazo kuyambira kale, ife n'kumawabwezera za anyani, koma sindinamvepo munthu wa kummawa atasiya kapuku chifukwa chosekedwa. Iwe wakhala ku Lusaka zaka zochepa chabe, wayamba kale kuyankhula ngati mbewa sunazikumbepo, chikhalirecho maondo ako akadali ndi zipsera za kumauna.

Ndipo mwa zonse, wasankha kumugulira mpunga! Munthu woti kwawo mpunga amadya m'mawa, masana ndi madzulo, amaukanda n'kupanga timizere ta mu msuzi wawo wa pho, amaupangiranso mowa. Zili ngati kumupatsa munthu wa ku Chadiza kapepala ka mtedza wa m'shopu n'kumadikira kuti akuombere m'manja. Mtsikanayo akufuna kuyenda makilomita oposa 500 kuti akalawe chimene ku Lusaka sangachipeze, iwe ukufuna kumunyamulira Lusaka yemweyo m'katoni.

Pali china chimene ukanayenera kuchita nacho manyazi, koma m'kalata wachikankhira kumapeto ngati chopanda pake. Zaka zitatu! Anthu amenewa ali ndi chikondwerero cha chaka chatsopano chotchedwa Tet, chimene chimagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale. Nyengo imeneyo mabasi ndi sitima zimadzaza, m'matauni mumachita zii, aliyense wathamangira kumudzi. Amakalambula manda a makolo, amafukiza lubani pa kaguwa ka makolo kamene kamakhala m'nyumba momwemo, n'kuikapo chakudya. Banja lonse limachezera pamoto usiku kudikira banh chung, mpunga womata wokhala ndi nyemba ndi nyama ya nkhumba mkati, wokulungidwa m'masamba ngati mkate wathu wa nthochi. Munthu woleredwa choncho akaona denga la udzu sangadabwe. Koma ukamuuza kuti watha zaka zitatu osaponda pakhomo pa amayi ako, ali moyo, basi ilipo tsiku lililonse, pamenepo ndiye adzakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Sindikukudzudzula ngati woyera mtima, ayi. Inenso ndinapusapo. Nditangoyamba ntchito m'tauni ndinapita kumudzi ndi anzanga awiri, nditanyamula buledi, majarini ndi masamba a tiyi. Amayi anali atadzuka tambala woyamba kusinja nsinjiro, ataphika futali mphika wonse. Ine ndinawanong'oneza kuti zimenezo abise, alendo anga sadya. Sanandiyankhe. Anangovundikira mphika uja n'kukauika kuseri kwa nkhokwe. Anzangawo anaupeza okha ndi mphuno, anadya mpaka kukokota, buledi anathera ana. Tinaseka tonse tsiku limenelo, koma amayi sanaseke nawo. Anatisiya kalekale, ine tsitsi layera, koma mmene anaunyamulira mphika uja, chamunsi ngati chinthu chakuba, ndimakuonabe. Ndi zimene ukufuna kuwachita amayi ako. Mlendo akakagona ku Chipata, mudzi wonse udzadziwa kuti mwana wawo wawachitira manyazi, ndipo amayi a pachitsime sadzasowa nkhani mpaka mvula kugwa. Iwe udzakwera basi n'kubwerera, iwo ndiwo adzatsala nazo. Kaloba nayenso adzakhala akukudikira pa siteshoni ya basi ya Intercity, soseji itathera m'mimba mwa ena. Mlendo ndi mame, mwana wanga, koma ngongole imakhala ngati chiputu m'munda.

Pukuta nkhope tsopano, nkhaniyi ndi yaing'ono. Manyazi akowo akungosonyeza kuti ukufuna mlendo alandiridwe bwino, ndipo limenelo si tchimo. Wangolakwitsa njira.

Uwaimbire amayi ako, uwauze kuti ukubwera ndi mlendo wochokera kutali, ndipo akufuna kudya zimene iwo amadya. Udzamva wekha mmene mawu awo adzasinthire. Ndalama imene uli nayo, osati yobwereka, utumize yogulira neti ya udzudzu, sopo, mphasa yatsopano ndi mchere. Ang'ono ako asiye kaye mbewa tsiku limodzi, amangenso mpanda wa bafa, akonze chitseko ndi chovundikira cha chimbudzi, asese pabwalo. Ukhondo ndi umene mlendo amaona, osati malata. Madzi akumwa awiritsidwe, chifukwa mimba ya mlendo sidziwa chitsime cha eni ake. Mtsikanayo umuuziretu zoona zake zonse: magetsi kulibe, foni atchajiretu, atenge tochi, juzi ya usiku, ndi pasipoti yake, poti Chadiza ndi kumalire. Umugulire chitenje. Kogona akagone ndi alongo ako. Wandimva? Ndati ndi alongo ako.

Ulendowo usaufulumize. Mukwere basi ya m'mbandakucha, akhale kuwindo. Pa mlatho wa Luangwa mutsike, mugulire amayi nsomba zouma, pa Nyimba nthochi. Mukadutsa Petauke ndi Sinda uzimuonetsa nkhokwe, ngolo za ng'ombe, madimba obiriwira pakati pa tchire lopsa. Fumbi la Ogasiti lisakudetse nkhawa. Ngati chakumapeto mudzafunika kukwera njinga yamoto, usayambe kupepesa, kwawo njinga zamoto zili ngati nyerere, mwina ndi iye adzamulangize woyendetsayo. Mukafika, musanamasule zikwama mukaonekere kwa amfumu a mudzi ndi kangachepe m'manja, kuti adziwe kuti m'mudzi mwawo mwalowa mlendo. Za ulemu usavutike kumuphunzitsa zambiri. Kwawo amalandira chinthu ndi manja awiri, sadya akulu asanayambe, ndipo munthu wamkulu samutchula dzina lokha, amati amalume, azakhali, agogo, ngati ife tomwe. Umuphunzitse "odi", "zikomo" ndi "ndakhuta", zinazo amayi ako adzamaliza.

Ndipo umusiye alowe kukhitchini, usamukhazike pampando pansi pa mtengo wa mango ngati nduna yodzatsegulira mjigo. Asinje nawo nsinjiro, aone mmene amatchezera chidulo, amasule chikwatu cha mfutso, atsagane ndi alongo ako kudimba kukathyola chiwawa. Agwire mthiko ayese kuvundula nsima, utsi umulize pang'ono, onse aseke. Chibwenzi cha akazi chimayambira pamafuwa. Nsima ikhale ya ufa woyera tsiku lina, ya mgaiwa tsiku lina, thobwa lisasowe, nkhuku yachikuda imodzi ife monga mwa mwambo wa alendo. Kwawo amadyera timitengo tiwiri, ndiye kutema mbamu kudzamuvuta tsiku loyamba. Usamuthamangire ndi supuni, aphunzire. Mbewa muikeni pambale, osamukakamiza, osamubisiranso. Tsiku limodzi umupemphe aphike zakwawo ndi zimene zilipo: nkhuku, adyo, tsabola, ndi udzu wonunkhira mandimu uja ife timaphikira tiyi, umene iwo amathira mu ndiwo. Agogo ako adzaisimba nkhaniyo mpaka ku maliro a m'midzi ina.

Kulamba amachita Loweruka lomaliza la Ogasiti ku Mkaika m'boma la Katete, kumene mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi. Mulawirire, kumadzaza. Gule Wamkulu amene akamuone kumeneko bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndiye ukaime mowongoka, usakachite ngati nawenso ndiwe mlendo. Koma pakamwa usamale. Anyamata mukafuna kuoneka odziwa pamaso pa mtsikana mumamasula ndi zosamasula zomwe. Chilombo ndi chilombo, basi. Kudambwe sikopitako, kumanda sikojambulako, ndipo kumudzi akakumana ndi gule panjira apatuke, foni ikhale m'thumba mpaka eni ake atalola. Akafuna kusupa, umuonetse mmene timachitira.

Tsono tibwerere ku mphika tinauika pambali uja. Ngati mtsikanayu adzatuluke m'khitchini mwa amayi ako maso ali ofiira ndi utsi koma akuseka, usadzachedwe, ukawaone atsibweni ako. Ungodziwiratu kuti ndiwe Mchewa, ndipo kwathu mwamuna ndiye amapita chikamwini. Yamba kuzolowera kuima m'madzi, mpunga wa apongozi ukukudikira.

Foni uli nayo m'manjamo. Aimbire amayi ako lero lomwe, dzuwa lisanalowe. Mukabwerako undilembere, ndipo ang'ono akowo uwauze andisungireko mbewa zisanu, zowamba bwino, zamchere.

Ndine,
Azakhali ako