Mafunso ndi Mayankho: Kuyeza Kulemera kwa Ntchito Msana Usanapweteke

Makalata ambiri amene afika sabata ino ku pulogalamu ya zaumoyo wa pantchito akudandaula za msana, khosi ndi mapewa, monga zimakhalira chaka chilichonse misika ya fodya ndi chimanga ikatsegulidwa ndipo malole achuluka m'madepoti.

Funso loyamba lachokera kwa mayi wina wosoka zovala pakhonde la sitolo ku Mzuzu, amene akudabwa kuti khosi ndi phewa zimawawa madzulo aliwonse chonsecho iwo sanyamula kanthu kolemera.

Mayiwa adziwe kuti mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo telala akawerama pamakina kwa maola ambiri minofu ya m'khosi imakhala yokungika kuti iugwire, pamene minofu yokungika silandira magazi okwanira. Mpando ukwezedwe kapena utsitsidwe mpaka zigongono zilingane ndi thebulo la makina, makinawo aikidwe pamene singano ikuoneka bwino, ndipo pakatha theka la ola aziimirira kwa mphindi zingapo.

Funso lachiwiri ndi la mnyamata wa m'sitolo ya zipangizo zomangira ku Limbe, amene akufunsa ngati agule lamba wamkulu womanga m'chiuno ponyamula simenti.

Asagule. Bungwe la ku America lofufuza za chitetezo ndi umoyo wa pantchito, la NIOSH, linaunika nkhaniyi mu 1994 ndipo silinapeze umboni wokwanira woti malamba amenewa amateteza msana wa munthu wabwinobwino. Choopsa chake n'chakuti womanga lamba amadziona ngati watetezeka, nayamba kunyamula zimene akanaziopa.

Funso lachitatu lachokera kwa bambo wina amene ndi kapitawo panyumba yosungiramo katundu ku Kanengo. Akuti anyamata awo anayi amatsitsa lole ya matani 30 ya fetereza, ndipo awiri mwa iwo agona ndi msana mwezi uno. Akufuna njira yoyesera mphamvu za ofuna ntchito kuti azilemba amphamvu okhaokha.

Bambowa athokozedwe chifukwa chowerenga anthu awo ovulala, pakuti akapitawo ambiri amangoitana waganyu wina pageti n'kupitiriza ntchito, koma funso lawo lalunjika kolakwika. Chimene chiyenera kuyamba kuyezedwa ndi ntchitoyo. Lole ya matani 30 imanyamula matumba 600 a makilogalamu 50, kutanthauza kuti mnyamata aliyense mwa anayiwo amadutsitsa pamsana pake matumba 150, omwe ndi makilogalamu 7,500, ndipo ngati malole abwera awiri patsiku chiwerengerocho chiwirikizidwe. Palibe mayeso a mphamvu amene angapeze munthu woti azichita zimenezi chaka ndi chaka osavulala. Amphamvu kwambiriwo ndi amene amapatsidwa katundu wochuluka, motero nawonso amathera pamphasa, kungoti mochedwerapo.

Maganizo oti matenda a munthu afufuzidwe mu ntchito yake si atsopano. Mu 1700 dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, anasindikiza buku lofotokoza matenda a anthu a ntchito zosiyanasiyana, ndipo analangiza madokotala anzake kuti pa mafunso amene amafunsa wodwala awonjezepo lofuna kudziwa ntchito imene amagwira. Phunziro lamakono lotchedwa ergonomics, lomwe limafufuza mmene ntchito ndi zida zingakonzedwere kuti zigwirizane ndi thupi la munthu, linasandutsa funso limenelo kukhala miyezo yolembeka. Kapitawo wa ku Kanengo safunikira zida zodula kuti aiyambe: sikelo, tepi yoyezera, wotchi ndi kope n'zokwanira.

Njira yodziwika kwambiri ndi imene bungwe lomwe lija la NIOSH linakonza mu 1981 n'kuikonzanso mu 1991. Imayambira pa makilogalamu 23, omwe ndi mlingo wa katundu amene anthu ambiri athanzi angamunyamule ndi manja awiri zonse zikakhala bwino, ndiye kuti katunduyo ali pafupi ndi thupi, ali pamsinkhu wa masentimita 75 kuchokera pansi, ali ndi pogwira pabwino, ndipo akunyamulidwa mwa apo ndi apo popanda kupotoza thupi. Chilichonse chosiyana ndi zimenezi chimatsitsa mlingowo. Chimodzi mwa zimene zimautsitsa kwambiri ndi mtunda wochokera pakati pa akakolo kufika pamene pali manja, ndipo aliyense amene anayesapo kunyamula ndowa yodzaza madzi atatambasula mkono akudziwa chifukwa chake. Manja akakhala pa masentimita 25 mlingo umakhalabe 23, koma akatalikira kufika pa masentimita 50, monga zimakhalira potola thumba lalikulu limene silingalowe pakati pa mawondo, umagwa ndi theka n'kufika pa makilogalamu 11.5. Kutola katundu pansi penipeni kumachotsanso pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo kupotoza chiuno kuti munthu ayang'ane cham'mbali mapazi ali pomwepo kumachotsa pafupifupi magawo atatu mwa khumi. Zitatuzi zikakumana, mlingo wotsala umangopitirira pang'ono makilogalamu 6, usanawerengedwe n'komwe ulendo wa katunduyo kukwera m'mwamba kapena kubwerezabwereza kwa ntchito. Thumba la fetereza limaposa mlingo umenewu pafupifupi ka 8.

Zina mwa zimene zimavulala ndi timinofu tofewa tokhala pakati pa mafupa a msana, timene madokotala amati madisiki, makamaka cha m'chiuno pamene msana umakumana ndi fupa la m'matako. Munthu akawerama n'kupotoka ali ndi katundu, disiki imafinyika mbali imodzi, ndipo ikatuluka pamalo pake imapanikiza mtsempha wotsikira kumwendo. N'zoona kuti njira ya NIOSH sinakonzedwere katundu wosenza pamutu kapena paphewa, koma thumba lisanafike paphewa limayamba latoledwa, ndipo pamenepo ndi pamene ambiri amamva kuti m'chiuno mwachita phwa.

Olemba ntchito ena amadzitchinjiriza ndi makilogalamu 55, mlingo umene bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linalangiza mu 1967 kuti mwamuna wamkulu asapitirire. Mlingo umenewo ndi wakale, ndipo unali malire oti asadutsidwe, osati chilolezo chonyamulitsa munthu matumba 150 motsatizana. Ku Britain malangizo a boma amatchula makilogalamu 25 kwa amuna ndi 16 kwa akazi, katundu ali pafupi ndi thupi cha m'chiuno, ndipo kumeneko simenti imagulitsidwa m'matumba a makilogalamu 25.

Katswiri wa pulogalamu ino anaimapo m'nyumba ina yosungiramo chimanga n'kuona mnyamata akukwera mulu wa matumba woposa msinkhu wa anthu awiri, akuponda pamatumba omwewo ngati masitepe, thumba lili pakhosi, atavala masilipasi, pansi pali chimanga chotayika chimene chimaterera. Pakona panali wilibala ziwiri zopanda matayala, zimene mwini malo anati adzakonza ndalama zikapezeka. Mtengo wa tayala la wilibala sungafanane ndi wa munthu wogona mwezi wathunthu, koma tayala limalembedwa m'buku la ndalama za kampani pamene waganyu wovulala salembedwa paliponse, ndipo pamenepo ndi pamene pagona vuto.

Choncho kapitawo wathu ayambe ndi kuchepetsa kunyamulako. Lole iime pafupi ndi khomo, thabwa lolimba liikidwe motsetsereka kuti matumba azitsetsereka okha, ndipo ngolo kapena wilibala zigwire ntchito ya mtunda. Matumba asaunjikidwe pansi penipeni koma pamapaleti, mulu wosanja ndi manja usapitirire mapewa, ndipo thumba lililonse lizitoledwa ndi anthu awiri. Malipiro a pathumba aganiziridwenso, chifukwa wolipidwa pathumba sapuma ndipo safuna mnzake womuthandiza amene angagawane naye ndalama. Kuphunzitsa anthu kupinda mawondo n'kwabwino, koma pakokha sikupeputsa thumba la makilogalamu 50. Kuyeza munthu kumabwera pambuyo pa zonsezi, ndipo kumathandiza makamaka pamene wovulala akubwerera kuntchito, pakuti dokotala akapatsidwa kope losonyeza kulemera, mtunda ndi kuchuluka kwa matumba amatha kunena ntchito imene munthuyo angayambe nayo. Lamulo la Malawi la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha pantchito la mu 1997 linaika udindo woteteza antchito pa wolemba ntchito, choncho kopelo lipite kwa abwana.

Funso lomaliza ndi la bambo wina woumba njerwa ku Chikwawa, amene akuti amamwa bulufeni m'mawa uliwonse kuti athe kugwira ntchito.

Pulogalamu ino yachenjeza za mapiritsi amenewa kambirimbiri, ndipo ichenjezanso lero. Bulufeni, indosidi ndi anzake amatseka ululu pamene chovulalacho chikupitirira kuvulala, amatha kuyambitsa zilonda zam'mimba, ndipo amawononga impso makamaka mwa munthu amene akutuluka thukuta padzuwa la kuchigwa cha Shire osamwa madzi okwanira. Bambowa azigwira ntchito yolemera m'mamawa, azipumira pamthunzi, azimwa madzi ludzu lisanawagwire, ndipo apite kuchipatala akaonedwe. Ululu wa msana ukabwera ndi dzanzi pakati pa miyendo, kufooka kwa mwendo, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, ulendo wa kuchipatala ndi wa tsiku lomwelo. Ukabwera ndi kuwonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, madokotala ayenera kufufuza chifuwa chachikulu cha m'mafupa a msana, chimene anthu ambiri amachedwa nacho poganiza kuti ndi kutopa chabe. Ndipo wolembedwa ntchito aliyense amene wavulala adziwitse abwana ake msanga ndi kusunga bwino buku lake la kuchipatala, chifukwa chipukutamisozi cha pansi pa lamulo la mu 2000 lokhudza ovulala pantchito chimavuta kuchipeza ngati palibe cholembedwa chosonyeza tsiku ndi malo amene anavulalira.