Phunziro: Nyimbo Zathu ndi za Azungu m'Sukulu za m'Malawi

Ophunzira ambiri amadziwa kuimba “do, re, mi”, koma ndi ochepa amene amadziwa kumene kaimbidweka kanachokera, ndi zimene kanakankhira kunja kwa kalasi.

Sukulu zisanabwere, nyimbo ndiyo inali buku la mwana. Ankaphunzira mwambo pomva amayi akuimba pamtondo, m'nthano za madzulo, ndiponso kuchinamwali kapena kujando. Palibe ankalemba; mwana ankamva, nkuvomera, nkusunga pamtima.

Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, a Dutch Reformed anakhazikika ku Nkhoma mu 1896, ndipo a White Fathers anatsegula Mua, kuno ku Dedza, mu 1902. Sukulu za amishoni zinafalitsa njira ya ku England yotchedwa tonic sol-fa, yowerenga nyimbo ndi zilembo, makamaka pofuna kuphunzitsa nyimbo za m'tchalitchi. M'malo ambiri ng'oma ndi magule zinkaonedwa ngati zachikunja. Makolo ambiri achisilamu sanatumize ana kusukuluzi poopa kuti asiya chipembedzo chawo. Anawo ankapita kumadrasa.

Koma anthu sanangolandira zachilendo. Ataona mabandi ndi perete wa asilikali, anapeka magule awoawo: beni pakati pa Ayao, mganda m'chigawo chapakati ndi malipenga kumpoto. Mmalo mwa malipenga a mkuwa, amganda anagwiritsa ntchito zikho.

Maganizo anasintha pang'onopang'ono. Mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni ku Mua komweko, malo osunga chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu ngati chuma cha dziko lonse. Lero kupulayimale kuli phunziro la Expressive Arts, momwe nyimbo ndi magule akwathu zili ndi malo.

Vuto latsala ndi ili: nyimbo yolembedwa imadikira m'buku zaka zambiri, koma ya pamtondo imapita ndi mwini wake, ndipo zigayo zachepetsa kusinja. Makolo, ana akakufunsani musawabweze.

Ntchito ya ophunzira:
1. Amishoni ankaphunzitsiranji tonic sol-fa?
2. Kodi beni ndi gule wathu kapena wa azungu? Perekani zifukwa ziwiri.
3. Pemphani agogo akuimbireni nyimbo imodzi yapantchito. Lembani mawu ake, tanthauzo lake ndi mudzi umene anaiphunzirira, ndipo mubwere nayo m'kalasi.