Injini ya Boti Ikazima Panyanja

Asodzi a ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay amaudziwa bwino mwera. Mphepo imeneyi imavuta m'miyezi yozizira, makamaka mu Juni ndi Julayi. Tsono taganizani. Muli kutali ndi gombe, boti ladzaza nsomba, mafunde akukula. Injini yanu ya dizilo yayamba kutsokomola. Ikuthamanga, ikufooka, ikuthamanganso, kenaka zii! Yazima.

Choyamba ponyani nangula. Ngati pali pakuya, anzanu agwire nkhafi kuti boti liyang'ane kumene kukuchokera mafunde. Mukatero, mtima pansi. Musayambe kumasula chilichonse chimene maso aona.

Injini ya dizilo ilibe mapulagi ngati ya petulo. Imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri. Dizilo akawazidwa mu mpweya wotenthawo amayaka yekha. Choncho injini imene inali kuyenda bwino ikafooka pang'onopang'ono n'kuzima, kawirikawiri vuto ndi lakuti dizilo sakufika. Yesani kuiliza, mnzanu ayang'ane kotulukira utsi. Ngati utsi palibe ngakhale pang'ono, dizilo waima penapake.

Dizilo ali ndi njira yake, monga madzi a m'ngalande. Amachoka m'thanki, amadutsa pa kampopi ndi m'paipi, n'kulowa m'fyuluta, imene ili sefa ya dizilo. Injini zambiri zili ndi kapampu kakang'ono kokoka dizilo. Pambuyo pake pali pampu yaikulu imene imamukankha mwamphamvu kupita ku nozo. Nozo ndi kachitsulo ka timabowo ting'onoting'ono komwe kamawaza dizilo m'kati mwa injini. Inu tsatani njirayi kuyambira kuthanki, osalumpha.

Kodi m'thanki muli dizilo? Musaseke. Alipo anthu amene anamasula theka la injini pamene thanki inali youma, kapena kampopi kali kotseka. Pisani kamtengo koyera muone. Dizilo akatsala pang'ono, mafunde amamukankhira uku ndi uku, ndipo paipi imameza mpweya. Tsegulaninso chivindikiro cha thanki, tcherani khutu. Mukamva kuti fyuu, ndiye kuti kabowo kopumira thanki katsekeka. Thanki yosapuma siitulutsa dizilo. Tsegulani kabowoko ndi kawaya.

Tsopano pitani pa fyuluta. Pansi pake pamakhala kabawuti kokhetsera. Kamasuleni, mukhetsere m'botolo loonekera, mudikire pang'ono. Madzi ndi olemera kuposa dizilo, ndiye amakhala pansi, dizilo pamwamba. Madziwa amabwera ndi migolo yogona pamvula. Ena amachita ngati mame m'kati mwa thanki yosadzaza usiku kukazizira. Nthawi zina mudzaona zakuda zoterera ngati ndere. Ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaswana pokumanira madzi ndi dizilo. Nyanja ikakhala bata, zonsezi zimagona pansi pa thanki. Mwera ukabwera zimavunduka, n'kukatseka fyuluta. Ndicho chifukwa chake injini imakonda kuzima tsiku lomwelo limene mukuifuna kwambiri.

Fyuluta yapepala ikada, kuchapa sikuthandiza. Ikani yatsopano pamodzi ndi labala wake. Ena amachotsa fyuluta n'kuyenda popanda. Uku n'kupha injini, pakuti kamchenga kamodzi kokha kangathe kuwononga pampu yaikulu, ndipo mtengo wake ndi nsomba za masiku ambiri.

Mdani wina ndi mpweya. Nthawi zonse mukasintha fyuluta, kapena dizilo akakutherani, mpweya umalowa m'mapaipi. Mpweya uli ngati mpira wofewa: pampu ikaukankha umangofinyika, ndipo nozo siitseguka. Muyenera kuuchotsa.

Pukutani bwino pamwamba pa fyuluta. Pamenepo pali kabawuti kotulutsira mpweya. Kamasuleni pang'ono ndi sipanala, osakachotsa. Pa kapampu kaja pali kachitsulo kopopera ndi chala. Popani. Poyamba patuluka thovu. Musatope msanga ayi. Pitirizani mpaka dizilo atatuluka woyera wopanda thovu, ndipo mangani kabawutiko mukadali kupopa. Ngati kachitsuloko kakungosewera osakoka kanthu, zungulizani injini kamodzi ndi handulo, muyesenso. Injini zina zilibe kapampuka chifukwa thanki ili pamwamba. Zikatero dizilo amatsika yekha, inu mungodikira thovu lithe. Chitani chimodzimodzi pa kabawuti ka pa pampu yaikulu.

Ngati injini ikukanabe, masulani pang'ono nati ya paipi yachitsulo pamene yafika pa nozo. Ikani chokokera moto pamwamba, zungulizani injini. Dizilo akayamba kulavuka pa natiyo, imangeni. Mukamagwiritsa ntchito batire, musapitirire masekondi 10 nthawi imodzi. Pumitsani, kuopa kumaliza batire muli panyanja.

Apa chenjerani. Dizilo wotuluka pa nozo, kapena pa paipi yachitsulo yong'aluka, ali ndi mphamvu yoboola khungu. Musayese ndi chala, ndipo nkhope ikhale kutali. Akakulasani, kabala kake kamaoneka kakang'ono, koma thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Chala chingathe kuola. Musasutenso fodya pa ntchito imeneyi.

Mwina injini yalira, mwayenda pang'ono, yazimanso, ndipo thovu labwereranso. Ndiye kuti mpweya ukulowa penapake pakati pa thanki ndi kapampu. Vuto ili ndi lozunguza mutu, chifukwa malo otere nthawi zambiri sadontha. Yang'anani paipi ya labala yong'ambika, nati yosamanga bwino, kapena washala wa kopa wophwanyika. Mangani bwino, koma osati ndi mphamvu zonse. Timabawuti timeneti timathyoka msanga.

Mukachita zonsezi injini osalira, lekerani pomwepo. Pampu yaikulu ndi nozo si zomasula m'boti kapena pamchenga. Pemphani boti lina likukokeni, mukaitane makanika. Mumuuze zonse zimene mwaona ndi zimene mwachita.

M'boti musamasowe fyuluta yatsopano, masipanala oyenera, mawashala angapo, botolo loonekera ndi nsalu yoyera. Pothira dizilo, lolani mgolo ukhazikike kaye, ndipo wa pansi penipeni musamuthire m'thanki. Osasakaniza ndi palafini, chifukwa dizilo ndiye amafewetsa zitsulo za m'pampu, pamene palafini ndi wouma. Madzulo mukakocheza, dzazani thanki.

Mafunso okambirana

1. Chifukwa chiyani injini imakonda kuzima tsiku la mwera?
2. Mungadziwe bwanji kuti m'dizilo muli madzi?
3. Lembani zinthu zimene zili m'boti lanu lero, ndi zimene zikusowa.