Musafulumire kunena kuti nambala ndi prime

Ophunzira masamu ku Kitwe ndi ku Ndola, a Grade 12 ngakhalenso ongolowa kumene pa Copperbelt University, amadziwa kuti nambala ya prime ndi yoposa 1 imene imagawika ndi 1 komanso ndi iyo yokha basi. Chimawagwetsa ndi nambala yaikulu. Zofunika n'zochepa: pepala, cholembera, ndi kakyuleta ya ku msika wa Chisokone. Nambala yaikulu yothera ndi 0, 2, 4, 5, 6 kapena 8 itayeni. Mukaphatikiza manambala ake n'kupeza chogawika ndi 3, itayeninso.

Vuto lagona pa malo osiyira. Tengani 2021. Waulesi amagawa ndi 7, 11 ndi 13, akaona kuti zakanika n'kulemba kuti ndi prime. Walakwa, chifukwa 43 kuchulukitsa ndi 47 ndi 2021. Choncho musanayambe kugawa, pezani square root ya nambalayo, yomwe pano ndi yochepera pang'ono pa 45, lembani ma prime onse osapitirira pamenepo, kuyambira 2 mpaka 43, alipo 14, ndipo yesani lililonse. Onse, osadumpha ngakhale limodzi. Yankho la 2021 lili pa lomaliza penipeni, pamene dzanja latopa kale. Amene amakuuzani kuti nambala yothera ndi 1, 3, 7 kapena 9 ndi prime akukunamizani: 91 ndi 7 kuchulukitsa ndi 13, ndipo 221 ndi 13 kuchulukitsa ndi 17.

Wina anganene kuti ngati kusamala n'kofunika chonchi, bwanji osapitirira mpaka theka la nambalayo. Kumeneko n'kutaya nthawi. Nambala ziwiri zikachulukitsana n'kupereka 2021, sizingapose 45 zonse ziwiri, kotero yaing'onoyo mwaipeza kale musanafike pa square root. Winanso angati foni imayankha msanga. N'zoona, koma m'chipinda cha mayeso foni siloledwa, ndipo amene sadziwa njira sangazindikire pamene wadina molakwika.

Mukatsimikiza, ndiye muone mtundu wake. 2027 ndi 2029 onse ndi ma prime osiyana ndi 2 yokha, otchedwa mapasa. Ma prime a Mersenne amapezeka pochulukitsa 2 kangapo n'kuchotsapo 1, monga 31 ndi 127, koma samalani: 2047 imaoneka choncho pomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Prime ya mtundu umenewu imene Luke Durant anaipeza mu 2024 ili ndi manambala oposa 41 miliyoni, ndipo inatsimikizidwa ndi makompyuta pogwiritsa ntchito njira zina, osati kugawa kwa papepala.

Yesani 2027 nokha, ndipo musaimike cholembera musanagawe ndi 43.