Kuwerenga Mitambo Pamodzi ndi Ulosi wa Nyengo wa Sabata

Ulosi wa nyengo wa sabata umene Nthambi Yoona za Kusintha kwa Nyengo ndi Zanyengo, yomwe likulu lake lili ku Blantyre, imalengeza pa wailesi umakamba za zigawo zikuluzikulu monga madera a m'mbali mwa nyanja, mapiri a kummwera ndi Chigwa cha Shire, choncho sungatchule mudzi umene mvula idzagwe Lachitatu masana. Mlimi, msodzi ngakhalenso woumba njerwa ayenera kuphatikiza ulosiwo ndi zimene maso ake akuona kumwamba, ndipo zimenezi zimatheka akadziwa m'mene mtambo umapangikira.

Dzuwa likatenthetsa nyanja, madambo ndi nthaka yonyowa, madzi amasanduka nthunzi yosaoneka n'kulowa mu mpweya. Mpweya wotenthawo umapepuka n'kukwera, ndipo pokwerapo umafutukuka n'kuzizira ndi madigiri pafupifupi 10 pa kilomita iliyonse, mpaka utafika pomwe sungathenso kusunga nthunzi yonse. Pamenepo nthunziyo imasanduka timadontho tating'onoting'ono timene timamatirira pa fumbi, utsi ndi mchere zomwe zimayandama mumlengalenga. N'chifukwa chake mitambo ya masana imakhala yosalala kunsi kwake komanso yofanana msinkhu, pakuti mpweya wonse wa m'deralo wafika pa kuzizira kofunikako pa mtunda umodzi. Chimene chimakweza mpweya sikutentha kokha: phiri limaukakamiza kukwera, monga zimachitikira pa Mulanje, pomwe nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002, ndiponso mphepo ziwiri zikakumana, mpweya umasowa kolowera koma kumwamba.

Choyamba, pomvera ulosi munthu agwire dzina la mphepo imene yatchulidwa, chifukwa dzinalo ndilo limauza mtundu wa mitambo yoyembekezeka. Mkumano wa mphepo umene akatswiri amautcha ITCZ, womwe ndi lamba amene mphepo za kumpoto ndi kummwera kwa dziko lapansi zimakumanirana, ukafika pa Malawi m'dzinja umabweretsa mvula m'madera ambiri, ndipo mpweya wachinyezi wochokera ku Congo nawonso umadza ndi mvula yamabingu. Chiperoni, chimene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, ndi mphepo yozizira ya miyezi yachisanu yomwe imakuta Mulanje, Thyolo ndi Blantyre ndi nkhungu komanso mvula yamawawa kwa masiku angapo, pomwe Mwera umawinduka panyanja ya Malawi n'kuutsa mafunde oti bwato lisayerekeze kulowa m'madzi. Liwu lakuti namondwe likamveka, anthu okhala m'tsinde mwa mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje asadikire kuti maso awo atsimikize. Zimene namondwe Freddy anachita kummwera mu Malichi 2023 zinaonetsa kuti madzi ndi matope zimatha kufika usiku, anthu ali m'tulo.

Kenaka, tsiku lililonse munthu ayang'ane kumwamba m'mamawa, ndi kubwerezanso dzuwa lili paliwombo, pakuti chofunika kwambiri ndi kusintha kwa mitambo pakati pa nthawi ziwirizo. Maina a mitambo amene akatswiri amagwiritsa ntchito anayambitsidwa ndi Luke Howard wa ku England mu 1802. Cirrus ndi mitambo yopyapyala ya kutali kwambiri, yopangidwa ndi timadzi touma, ndipo payokha sigwetsa mvula yofika pansi. Stratus ndi mtambo woyalika chapansi umene umapatsa mawawa. Cumulus ndi ija yoyera ngati thonje, ndipo iyi ndiyo yofunika kuiyang'anitsitsa. Ikakhala yaifupi ndi yomwazikana mpaka masana, tsikulo ndi labwino kuyanika chimanga kapena ufa. Koma ikayamba kutalika msanga, kunsi kwake n'kuda bii, pamwamba n'kuphwatalala kupendekera mbali imodzi, ndiye kuti yasanduka cumulonimbus, mtambo wa mabingu, mphezi ndi matalala umene m'maiko otentha umatha kutalika kupitirira makilomita 15. Kamphepo kozizira kobwera mwadzidzidzi kuchokera kumene kuli mtambowo ndi mpweya umene mvula yaukankhira pansi, ndipo kakafika, nthawi yoanula yatsala pang'ono zedi.

Mphezi ili ndi muyeso wake wosavuta. Kuwala kumafika m'maso nthawi yomweyo pomwe phokoso limayenda pafupifupi kilomita imodzi pa masekondi atatu, kotero bingu likamveka pasanathe masekondi 30 chiphaliwali chitang'anima, mphezi ili mkati mwa makilomita 10, ndipo munthu achoke pansi pa mtengo, pabwalo ndi pamadzi, alowe m'nyumba.

Chotsiriza, chomwe ambiri amachinyalanyaza, ndi kuyeza mvula imene yagwa. Chitini cha mbali zowongoka, choikidwa poyera kutali ndi denga ndi mitengo, chimakwanira: m'mawa uliwonse munthu ayeze ndi rula kuya kwa madzi, alembe m'kope, kenaka awataye. Milimita imodzi imatanthauza lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi imodzi mulifupi. Kopelo likaikidwa pambali pa ulosi wa sabata yotsatira, mlimi amatha kusiyanitsa chizimalupsa, mvula yoyamba yomwe imangozimitsa phulusa la kutchire n'kutsatidwa ndi dzuwa, ndi mvula yeniyeni yodzalira, ndipo ulosi ukanena za ng'amba masiku akudzawo, ndi bwino mbewu ikhalebe m'thumba ngakhale nthaka ya pamwamba ikuoneka yonyowa.